Khosi la mtsikana si chitsulo

Ndakhala ndikuzisunga mumtima, koma lero ndilankhule basi. Lolemba lapitali mu staff room, mnzanga wina, munthu wamkulu ndithu pantchitoyi, ananena kuti atsikana amene amalawirira kukatola nkhuni kuphiri asamatisokose ndi za kuwawa kwa khosi, eti akazi athu anabadwa ndi makosi achitsulo. Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndimaphunzitsa Biology ndipo ndikudziwa zomwe zili m'khosimo.

Mafupa a m'khosi alipo 7. Mwamuna ali ndi 7, mkazi 7. Mzungu uja amaimitsa galimoto pamsewu wa Ku Chawe kuti ajambule amayi osenza mitolo, 7. Ngakhale kadyansonga ndi kutalika konse kuja, 7 omwewo. Palibe fupa lapadera limene anapatsidwa mkazi wa ku Zomba.

Msana wonse uli ndi mafupa 33: 7 a m'khosi aja, 12 pomwe pamagwira nthiti, 5 a m'chiuno, ndi 9 ophatikizana kumunsi. A m'chiuno ndi akuluakulu chifukwa ndiwo amanyamula thupi. A m'khosi ndi ang'onoang'ono, ntchito yawo ndi kunyamula mutu wa makilo pafupifupi 5 ndi kuutembenuza. Loyamba, lotchedwa atlas, ndi kamphete chabe.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mnzangayo amvetsetse. Kuyambira pa fupa lachiwiri kutsika m'munsi, pakati pa fupa ndi fupa pali kankhata kofewa, mabuku amati disc. Nkhata yansalu imene mtsikana amaika pamutu imateteza khungu ndi chigaza basi. Kulemera konse kwa mtolo kumatsikabe mpaka pa timankhata tamkatito. Ndiye onjezani kutsetsereka kwa phiri lathuli, mtolo wautali kuposa mwini wake, phazi lililonse katundu akugunda pakhosi. Kankhata kakaphwanyika kamatha kupanikiza mitsempha yopita m'manja, munthu n'kumamva dzanzi mpaka kuzala. Ndili ndi mtsikana mu Fomu 3 amene amaika cholembera pansi n'kumakutumula dzanja pakati polemba notsi. Ndinamufunsa. Amakwera phiri kawiri pa sabata. Ali ndi zaka 16, pomwe mafupa a msana samaliza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20.

Ndikudziwa mufunsa kuti nanga aphikire chiyani. Funso labwino, ndipo ine sindikuloza chala amayiwo. Nsima ya kunyumba kwanga, magetsi akazima, imaphikidwa ndi nkhuni zomwezo. Koma tinene zoona kuti ndi umphawi, tisanamizire chilengedwe. Ndipo taonani pamsewu womwewo: anyamata amatsika ndi nkhuni atazimanga panjinga, katundu ali pamatayala. Bwanji mchimwene njinga, mchemwali khosi?

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mawu aja anachokera kwa mphunzitsi. Timauza ana aloweze cervical, thoracic, lumbar kuti akakhoze MSCE, kenako tikamwa tiyi timaiwala kuti mafupawo ali m'thupi mwa mwana amene wakhala kutsogolo kwathu.

Lachinayi ndili ndi Fomu 3 nthawi ya 9 koloko. Aliyense adzawerama mutu, n'kugwira kafupa kotuluka kumbuyo, pomwe khosi limakumana ndi mapewa. Ndilo lachisanu ndi chiwiri lija. Achimwene, mpando ndakusungirani kumbuyo kwa kalasi, mubwere mudzagwire lanu.