TV ya Magemu Siyigulidwa ndi Maso Okha

Mdzukulu wanga wamkulu wakhala akusunga ndalama kwa miyezi 8 kuti agule TV yosewerera PlayStation 4 yake. Sabata yatha anandionetsa chithunzi pafoni: chi-TV cha mainchesi 65, chowala ngati dzuwa la mu Okutobala. Ndinati, "Mwanawe, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Anaseka, poganiza kuti agogo ndi magemu n'zotalikirana. N'zoona sindisewera, zala zinauma kalekale. Koma ndakhala naye pamkeka madzulo ambiri, ndikumumva akukalipira wosewera mpira wa pa kanema kuti wachedwa kumenya.

Ana anga, nthawi zambiri wochedwayo si wosewera, ndi TV. Mukadina batani pa pad, makina amatumiza chithunzi nthawi yomweyo, koma TV imayamba yachikonza kaye, kuchisalaza ndi kuchipaka mitundu, kenako n'kuchionetsa. Kuchedwa kumeneku odziwa amati input lag, ndipo amakuyeza m'mamilisekondi, omwe amakwana 1000 pa sekondi imodzi. TV ina ikamakongoletsa chithunzi imachedwa kupitirira mamilisekondi 100; yabwino, mukaiika pa Game Mode, imatsikira cha m'ma 10. Woonera filimu sangazindikire. Koma womenya penate amangoona goloboyi wagwira kale mpira iye akadali kudabwa. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la kukula ayi. Mufunseni ngati TV ili ndi Game Mode, ndipo akuonetseni pomwe ili pa menyu. Safunsa anadya phula.

Kenako yang'anani makina amene muli nawo m'nyumba, osati amene mumalota. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. PlayStation 4 wamba, yomwe inatuluka mu 2013, imathera pa 1080p ndipo siipitirira zithunzi 60 pa sekondi. Kuigulira TV yodula ya 120Hz, yoonetsa zithunzi 120 pa sekondi, n'kuvalitsa mbuzi nsapato. Za 4K pa 120Hz ndi za PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zomwe zinabwera mu Novembala 2020, ndipo zimafuna bowo la HDMI 2.1. Apanso tsegulani maso: TV ikhoza kukhala ndi mabowo anayi, koma a 2.1 n'kukhala awiri okha. Tembenuzani TV, werengani zolembedwa pambali pa bowo lililonse. Manambala akuluakulu a pakatoni, olankhula za "motion", kawirikawiri ndi okopera ogula. Galasi lenilenilo n'kukhala la 60Hz basi.

Inu anyamata oseweretsa anzanu magemu molipiritsa kumsika, imvani ichi. TV ya mtundu wa OLED ndi yokongola, mdima wake ndi mdima weniweni, ndipo imayankha msanga. Koma ngati mpira womwewo ukuseweredwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, kabokosi ka zigoli kali pakona pomwepo tsiku ndi tsiku, galasi la OLED likhoza kusunga chipsera cha kabokosiko chosafufutika. Walira mvula walira matope. Pa ntchito yotere, LED wamba ndiye khasu lolimba, ndiponso mtengo wake ndi wopepuka.

Za magetsi sindinena zambiri, mukuzidziwa nokha. Akathima n'kubwerera mwaukali, sasankha kuti TV iyi ndi yatsopano. Musatuluke m'sitolo opanda kachipangizo kotetezera TV ku magetsi amphamvu. Ndipo ngati nyumba yanu imadalira sola, kumbukirani kuti chi-TV chachikulu chimameza batire msanga kuposa chaching'ono.

Loweruka ndinamuperekeza mdzukuluyo kutauni, PlayStation ili m'chikwama. Wogulitsa anayamba wanyinyirika, koma titamulonjera bwino n'kumuuza kuti ndalama tanyamula, analola kuti tilumikize. Pa chi-TV cha 65 chija, chomwe pa menyu pake Game Mode sinapezeke, mnyamatayo anadina batani kangapo, nkhope n'kukwinya. Pa ina ya mainchesi 43 yomwe inali pakona, yafumbi pamwamba, anasewera mphindi zisanu osalankhula, kenako anangoti, "Agogo, iyi ikumva." Pobwerera tinainyamula pamiyendo mu minibasi, ndipo ndalama zotsala zinagula chotetezera magetsi ndi pad yachiwiri, imene mlongo wake wailanda kale.