Auzeni anthu tsiku la mlandu wawo

Boma la Ntcheu ndi lotambasuka, pakuti kuchokera ku mapiri ozizira a ku Tsangano, kumene kachewere ndi kabichi zimalimidwa m'malire ndi dziko la Mozambique, kutsetserekera ku chigwa chotentha cha Bwanje, ndiponso kuchokera ku Lizulu, kwa Inkosi ya Makhosi Gomani, kukafika ku Senzani ndi ku Manjawira, mukukhala anthu amene kalembera wa chaka cha 2018 anawapeza oposa 650,000. Ndipo mwa khamu lonseli, iwo amene mbale wawo wamangidwa, kapena iwo eni alakwiridwa, kapena aitanidwa kukaperekera umboni pa mlandu waukulu, ambiri amalawirira mbandakucha kulunjika ku boma, kumene kuli polisi, bwalo la majisitireti ndi ndende. Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi chinthu chooneka chaching'ono, chimene akuluakulu a malamulo sachitchula kawirikawiri m'misonkhano yawo: munthu wamba adziwa bwanji tsiku limene mlandu wake udzamvedwe, ndipo ngati ali ndi mawu okhudza tsikulo, akagogode pa khomo la yani?

Ife a kuno tinaleredwa m'mwambo woti munthu wokhala ndi dandaulo saopa pakhomo pa mfumu. Amapita chakumadzulo, nagwada, naomba m'manja, ndi kufotokozera nduna kapena nyakwawa chimene chamubweretsa, ndipo nduna ikapereka mawu kwa mfumu, tsiku la bwalo limatchulidwa, mthenga natumidwa kwa winayo. Palibe amene amayesa ulendo wotere chinyengo, ndi ulemu. Chifukwa chake nkhalamba ya kwa Ganya kapena kwa Njolomole, mwana wake akamangidwa, mtima wake umaiuza kuti ikaonekere kwa woweruza, imupepese ndi kumulongosolera mmene mwanayo anakulira, ndipo imadabwa ndi kupwetekedwa mtima pamene aibweza pakhomo ndi mawu akuti bwana saonedwa.

Komatu m'menemu khothi silinalakwe, ndipo ndifuna kuti tilimvetse lisanadzudzulidwe pa zina. Woweruza wa milandu ya boma saloledwa kumva mawu a mbali imodzi pamene mbali inayo palibe, kaya m'chipinda chake, kaya pa lamya, kaya pa maliro kapena potuluka m'tchalitchi, pakuti mawu onong'onezedwa kuseri sangathe kuyankhidwa, ndipo chigamulo chomangidwa pa mawu osayankhidwa ndi chigamulo chokhota. Khomo limenelo likadatsegulidwa, sakadayamba kulowapo ndi nkhalamba ija. Akadalowapo ndi mwini magolosale ndi mwini malole, iwo amene ali ndi chopereka. M'buku la Machitidwe a Atumwi timawerenga za kazembe Felike wa ku Kaisareya, amene anaimitsa mlandu wa Paulo ati podikira kapitao wa asilikali, namuitanitsa wandendeyo kawirikawiri kukacheza naye payekha poyembekeza kuti amupatse ndalama, ndipo zitatha zaka ziwiri anachoka pa mpando, Paulo akadali m'nsinga. Kuimitsa mlandu kopanda tsiku ndi kukumana kwamseri ndi woweruza zinayendera pamodzi masiku amenewo, ndipo zimayendera pamodzi ngakhale lero.

Njira yoongoka imene lamulo linaika ndi ya ku ofesi ya kalaliki wa khothi. Kumeneko ndiko kumatsegulidwa fayilo, mlandu nupatsidwa nambala yake ndi chaka chake. Kumeneko ndiko kumalembedwa masamani oitanira mboni. Kumeneko ndiko kumasungidwa buku la masiku. Woimbidwa mlandu akaonekera koyamba, mlandu umawerengedwa, iye navomera kapena kukana, ndipo akakana, wapolisi woimira boma amanena za mboni zake, majisitireti natchula tsiku poyera, mbali zonse zikumva. Loya akafuna kupempha belo, kapena kuti tsiku lisinthidwe, salowa kwa woweruza kukanong'ona. Amalemba pempho, nalipereka ku ofesi ya kalaliki, nalipatsanso a mbali ya boma, ndipo tsiku lomvera pempholo limatuluka lolembedwa ndi lodindidwa. Pa mlandu wakupha njira imatalika koposa, pakuti majisitireti alibe mphamvu youzenga kapena yopereka belo: mlanduwo umatumizidwa ku Bwalo Lalikulu, limene maofesi ake ali ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo wandende wa ku Ntcheu amayembekeza kufikira fayilo yake itadutsa m'manja mwa mkulu woimira boma pa milandu ndi kupezeredwa tsiku ndi jaji.

Dongosolo limeneli ndi labwino kwa iye amene ali ndi loya, pakuti loya amadziwa makalaliki, amawerenga ndandanda ya milandu ya sabata, ndipo tsiku likasintha amamva msanga. Koma mwa anthu oima m'bokosi la woimbidwa mlandu pa mabwalo a majisitireti, okhala ndi loya ndi owerengeka. Taonani mmene zimakhalira kwa otsalawo. Mayi wakhala pa benchi lakumbuyo, mwana ali kumsana, kathumba ka ufa wokazinga ndi nsima yogona zimene watengera mwamuna wake zili pamiyendo. Dzina la mwamunayo liitanidwa cha kumasana. Wapolisi aimirira nanena mawu angapo m'Chingerezi. Woweruza alemba, natchula tsiku. Womasulira alibwereza kamodzi, nkhope italoza kwa wandendeyo. Ndipo mayiyo asanadziwe ngati anamva pa 17 kapena pa 27, dzina lina laitanidwa kale, mwamuna wake atulutsidwa pa khomo lakumbali. Alibe pepala m'manja. Sadziwa nambala ya mlandu. Akaima pa zenera la ofesi mwamantha natchula dzina lokha, kalaliki wopanikizidwa ndi ntchito amamuuza kuti adikire, ndipo iye, poona kuti dzuwa lapendeka ndi kuti galimoto zopita kwawo zitha, amanyamuka ndi tsiku la m'mutu limene mwina ndi lolakwika.

Chopweteka koposa ndi ulendo wachabe. Zifukwa zimene milandu imalepherekera m'dziko muno tonse tazimva: galimoto yotengera andende ilibe mafuta, mboni ya boma yasamutsidwa, doketi silinabwere, woweruza waitanidwa ku msonkhano kapena wadwala. Zina mwa izi zimagwa mwadzidzidzi, ndipo palibe womunena. Koma zambiri zimadziwika dzulo lake kapena sabata yathunthu tsiku lisanafike, ndipo chikhalirecho palibe amene amatuma mawu kwa mboni ya ku Tsangano, imene yagulitsa ndowa ya kachewere kuti ilipire njinga yamoto kufika pa msewu wa M1 ndi minibasi kufika pa boma, itasiya munda wosapalira m'mwezi wa Disembala. Munthu wotere akabwezedwa kawiri, kachitatu sabweranso, ndipo sitingamutche wonyoza khothi, pakuti wasankha ana ake. Mboni zikaleka kubwera, wolakwa weniweni amamasulidwa popanda umboni, mtsikana wogwiriridwa naona womuchita chipongwe akuyendayenda pa msika. Kapena wosalakwa amakhalabe pa rimandi kudikira mboni zimene sizidzabwera. Ndipo woimbidwa mlandu amene ali pa belo, akaphonya tsiku chifukwa chosamva bwino, chikalata chomumangira chimatuluka, belo nilandidwa, abale amene anamuimira nakhala pa chiopsezo cholipa chikole.

Pamene khomo loyenera lili lolemera kutsegula, pamabuka anthu ogulitsa njira zachidule. Madobadoba amene tinawazolowera pa maofesi ena sasowanso pa makonde a mabwalo a milandu: amayandikira munthu wosokonezeka, nanena kuti amadziwana ndi bwana, kuti fayilo ikhoza kukwezedwa pamwamba, kuti pangofunika kangachepe. Kawirikawiri woweruzayo sadziwa n'komwe kuti dzina lake likugulitsidwa panja, koma mbiri yoipa imamatirira iye, ndipo anthu amabwerera kumudzi akunena kuti chilungamo n'cha a ndalama.

Makolo anati mlandu suola, ndipo ananena zoona pa cholinga chawo, chakuti wolakwa asayese kuti kutha kwa zaka kwamuyeretsa. Koma mwambiwu usasanduke pobisalira ulesi, pakuti ngakhale mlandu suola, mboni zimamwalira, zokumbukira zimazilala, mapepala amatayika, ndipo thupi la munthu wogona mothithikana m'chitokosi limatha. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994, m'gawo 42, amanena kuti womangidwa aonekere ku khothi pasanathe maola 48, kuti atulutsidwe pa belo pokhapokha chilungamo chitafuna kuti asungidwe, ndi kuti mlandu wake uzengedwe poyera m'nthawi yoyenera. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inaonjeza malire a masiku m'lamulo la kazengedwe ka milandu: masiku 30 kwa wosungidwa podikira mlandu wa ku bwalo la majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu yoopsa monga kupha, kugwirira ndi kuba moopseza, ndipo boma likafuna nthawi yoonjezera liyenera kukapempha kwa khothi. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2009, pa mlandu umene wandende Gable Masangano anasumira boma m'malo mwa andende anzake onse, Bwalo Lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zonyazitsa umunthu. Malamulo okoma chotere tili nawo. Koma masiku 30 kapena 90 amawerengedwa ndi munthu wokhala ndi buku ndi cholembera, ndipo ngati m'buku la masiku mulibe dzina la wandende, lamulo silimufikira.

Sindikuponya mwala kwa makalaliki ndi oweruza. Majisitireti wathu amalemba ndi dzanja lake mawu onse a mboni, kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Kalaliki mmodzi yemweyo ndiye womasulira, wosunga mafayilo ndi woyankha pa zenera. Ndipo pamene ogwira ntchito m'makhothi ananyanyala kwa miyezi yoposa iwiri m'chaka cha 2012, dziko lonse linaona kuti popanda iwo palibe mlandu umene ungayende, pakuti zitokosi za polisi zinadzaza kufikira pakhomo. Anthu amenewa ayenera kuchulukitsidwa ndi kulipidwa moyenera. Koma zimene ndikupempha sizilira nyumba zatsopano kapena ndalama za maiko akunja.

Mlandu ukaimitsidwa, woimbidwa mlandu, wodandaula ndi mboni iliyonse apatsidwe kapepala kodindidwa, kolembedwa m'Chichewa, konena nambala ya mlandu, tsiku, ola ndi chipinda. Ndandanda ya milandu ya sabata ikhomedwe pa bolodi panja, pamene munthu angaiwerenge osapempha chilolezo kwa wina. Ndipo popeza masiku ano m'mudzi uliwonse muli lamya ya m'manja, ngakhale ya mfumu kapena ya mphunzitsi, ofesi ya kalaliki ilembe nambala ya munthu aliyense woitanidwa, kuti bwalo likadziwa kuti silikhala, uthenga utumizidwe usiku usanagwe. Ofesiyonso ikhale ndi nambala yake imodzi yodziwika, yofunsirapo za masiku okha. Alipo amene adzati lamya idzatsegula khomo la ziphuphu. Ine ndiyankha kuti khomo limenelo n'lotsegula kale, ndipo chimene chimalitsegula ndi mdima. Nambala ya ofesi, yolembedwa pa khoma, imene mauthenga ake amasungidwa ndipo mkulu wa khothi angathe kuwaona, imalanda malonda m'manja mwa dobadoba.

Tili nazo kale zitsanzo zakuti zinthu zikhoza kuyenda. Kuyambira chaka cha 2000, alangizi a zamalamulo a bungwe limene lero limatchedwa PASI akhala akulowa m'ndende kukalemba maina a iwo amene aiwalika pa rimandi, ndi kuthandiza kuti majisitireti akakhalitse bwalo m'ndende momwemo, kumene ambiri apatsidwa belo kapena tsiku la mlandu. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti osauka apeze owaimira. Pa maboma palinso makomiti amene amasonkhanitsa a khothi, apolisi, a ndende ndi mafumu. Ndipo ndikupempha mafumu athu, a Kwataine, a Champiti, a Makwangwala, a Mpando, a Phambala ndi anzawo onse, kuti akakhala m'misonkhano yotere afunse za anthu awo amene ayenda maulendo achabe, pakuti mfumu ndiyo imamva kulira kwa mboni ikabwerera kumudzi.

Kwa inu abale amene mawa mudzaima pa khonde la khothi, mawu anga ndi awa. Musafune kuonana ndi woweruza kuseri, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo mumuyese wakuba. Pitani pa zenera la kalaliki masana, mufunse nambala ya mlandu, muilembe kapena mulembetse mwana wa sukulu, ndipo tsiku likatchulidwa koma simunalimve, musachite manyazi kufunsanso, pakuti safunsa anadya phula. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Ndalama iliyonse yoperekedwa ku khothi ituluke ndi lisiti la boma. Mukadwala kapena mukagwa m'maliro, tumani munthu ndi kalata tsikulo lisanafike. Mbale wanu akapyola masiku a lamulo ali pa rimandi, kauzeni alangizi a zamalamulo kapena a Legal Aid Bureau, ndipo iye mwini, akaima pamaso pa woweruza, anene poyera kuti wakhala nthawi yotani.

Ndipo kwa inu olemekezeka, Jaji Wamkulu wa dziko lino ndi oyang'anira mabwalo a majisitireti, ndikugwada ndi pempho limodzi: lamulani kuti munthu aliyense woitanidwa ku bwalo la milandu asatuluke pa chipata wopanda tsiku lolembedwa m'chinenero chake, ndi kuti bwalo likalephereka auzidwe asananyamuke kwawo. Muyambe ndi Ntcheu, ndipo muyambe chaka chino.