Kukwera Phiri Usiku

Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay anazoloŵera kutentha. Mwana wa ku Chintheche kapena ku Kande amasamba m'nyanja ngakhale m'mwezi wa Juni pamene mwera ukuwomba. Koma kuzambwe kwa midzi imeneyi kuli mapiri aatali a Viphya. Ku Usisya mapiriwo anafika pafupi kwenikweni ndi madzi, kotero kuti munthu wopita ku Mzuzu ayenera kukwera chitunda chachitali ndi chokhotakhota.

Apaulendo ena amakonda kukwera zitunda zotere usiku pothaŵa dzuŵa. Maganizo aŵa ngomveka, pakuti kukwera phiri masana, mtolo wa usipa uli pamutu, ndi ntchito yoŵaŵa. Komabe ulendo wa usiku paphiri si wouyamba mwachibwana. Ambiri akamva za ulendo wotere amaopa afisi ndi njoka. Mdani amene amamuiŵala ndiye kuzizira.

Nyanja ya Malaŵi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamene palekeza nyanja zamchere, pamene mzinda wa Mzuzu uli pa mamita oposa 1,200. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tsono mnyamata amene wanyamuka kunyanja atavala malaya amodzi amafika pamwamba atanyowa ndi thukuta. Akangoima kuti apume, mphepo imamuwomba, ndipo malaya onyowa aja amayamba kumulanda kutentha kwa m'thupi. Ku Chikangawa ndi ku Nyika, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumazizira mpaka udzu kuyera mbuu ndi chisanu m'mamaŵa.

M'maiko ena muli chinthu choopsa koposa, chotchedwa chipale chofeŵa. Chimenechi ndi madzi oundana amene amagwa kuchokera kumwamba. Sichilimba ngati matalala ai, koma chimagwa mwakachetechete ngati thonje. Amalaŵi ogwira ntchito ku Johannesburg, kumene anthu ambiri a ku Nkhata Bay akhala akupita kuyambira kale, anachiona chikugwa mu Julayi 2023. Pooneka nchokongola ndithu, koma paphiri chimanyenga. Chimakwirira njira yonse, maenje ndi ming'alu yomwe, kotero kuti munthu amaponda poyera bwino osadziŵa kuti pansi pake pali phompho. Masana chimasungunuka pang'ono, ndipo usiku madziwo amaundananso, njira nkusanduka yoterera ngati thanthwe la ndere. Chikaloŵa m'nsapato, zala za kumapazi zimachita dzanzi, ndipo nthaŵi zina zimafa mpaka madokotala kuzidula.

Nanga kodi palibe amene amakwera mapiri otere usiku? Alipo. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, lili ndi madzi oundana pansonga pake. Alendo olikwera amanyamuka pamsasa wotsiriza pakati pa usiku kuti akafike pamwamba dzuŵa likutuluka. Koma iwoŵa amakhala atavala zovala zochindikala, atanyamula matochi ndi madzi akumwa, ndipo amayenda mondondozana pambuyo pa munthu wodziŵa njira. Lamulo la kumeneko silola mlendo kukwera yekha. Lamulo limeneli nlanzeru.

Wina anganene kuti m'Malaŵi muno mulibe chipale chofeŵa, choncho palibe choopa. Ameneyo walakwa. Ntchito imene chipale chimagwira kwina, kuno imagwiridwa ndi nkhungu. Nkhungu ikatsika paphiri usiku, kuŵala kwa tochi kumathera pamapazi pomwepo, ndipo mtengo uliwonse umafanana ndi unzake. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, laonetsa zimenezi momvetsa chisoni. M'chaka cha 2003 mayi wina wa ku Netherlands analoŵera ku Sapitwa yekha ndipo sanabwerenso. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womuperekeza napitirira yekha. Anamupeza atamwalira patapita masabata oposa aŵiri, ndipo chimene chinamupha ndi kuzizira. Pajatu akuluakulu amati safunsa anadya phula.

Mapiri a Viphya safika msinkhu wa Sapitwa, koma thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse. Limafuna kutentha kwa madigiri 37, ndipo kukatsika kupitirira 35 moyo umakhala pa ngozi. Munthuyo amanjenjemera, amapunthwapunthwa, ndipo mawu ake samveka bwino, ngati woledzera. Kenaka amamva tulo tokoma nafuna kugona pomwepo panjira. Tulo timeneti ndiye msampha, pakuti wogona panja atazizidwa chotero angathe osadzukanso.

Nchifukwa chake ulendo umene ungadikire kuti kuche, udikire. Ngati pali chokakamiza, monga matenda kapena maliro, anthu anyamuke aŵiri kapena atatu, ndipo mmodzi akhale woidziŵa bwino njirayo. Atenge tochi, machesi, chakudya ndi chovala chouma chomangidwa m'pepala la pulasitiki. Otsala pamudzi auzidwe njira imene apaulendowo adzere ndi nthaŵi imene akuyembekeza kukafika. Nkhungu ikawatsekereza, ndi bwino kuima pamalo obisika ku mphepo kusiyana ndi kufufuza njira m'mbali mwa phompho.

Mnzawo akayamba kunjenjemera ndi kulankhula zosamveka, amuvule zonyowa, amufunditse zouma, amukhazike pa udzu kapena pa thumba osati pa dothi lozizira, ndipo akhale momupanikiza kuti amugaŵire kutentha kwa matupi awo. Ngati angathe kumeza, amupatse tiyi wofunda wa shuga. Kachasu asamupatse, chifukwa moŵa umanamiza munthu kuti wafundidwa pamene kutentha kukutuluka m'thupi mwake msanga kuposa kale.