MTENGO WA MADZI UMANGIDWE NDI LAMULO

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu ya Rivirivi, ndi inu nonse a ku Balaka ndi ku Machinga, nkhani iri pano ndi ya madzi. Tikufuna lamulo lonena poyera kuti mtengo wa madzi ukakwera lero, papite zaka zakuti usanakwerenso.

Tiyambe ndi kumene kunachokera bvutoli. M'chaka cha 1995 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Waterworks Act, ndipo dziko linagawidwa kwa mabungwe asanu ogulitsa madzi: la Blantyre, la Lilongwe, la Kumpoto, la Pakati ndi la Kummwera. Ife tiri m'dera la Southern Region Water Board. Pa dongosolo limeneli bungwe likafuna kukweza mtengo limapempha ku Boma, Boma likabvomera basi yatha. Wogulitsa ndi bungwe la Boma, wobvomereza mtengo ndi Boma. Nanga wogula mau ace amanenera kuti? Mlandu wa mbuzi woweruza ndi fisi!

Mu 2021 mitengo ya madzi inakwera. Mu 2023 inakweranso. Ndani mwa inu anaitanidwa kubwalo kuti anenepo? Tinangomva pa wailesi monga timamvera za maliro a kutali.

Mlimi wa kuno amagwira ndalama kamodzi pa chaka, akagulitsa thonje kapena nandolo. Boma lomwelo limalengeza mitengo ya mbeu kamodzi pa chaka, ndipo mlimi sangapite kumsika mwezi wa Okotobala nkunena kuti thonje langa lakwera chifukwa sopo wakwera. Ngati thukuta lathu liri ndi nyengo yace yoikira mtengo, madzinso akhale ndi nyengo yace.

Ena adzati, "Anthu a kumudzi mulibe mita m'nyumba, zikukukhudzani bwanji?" Zikutikhudza ndithu. Ambiri amatunga pa mpopi wogulitsa, ndipo mtengo ukakwera kumtunda ndowa imakwera kumunsi. Mai amene alibe ya ndowa sagona ndi ludzu. Amasenza chidebe kupita ku Rivirivi kapena ku Shire, kumene kumamwera ng'ombe. Taonani zimene madzi oipa anatichita: kolera ya mu 2022 inayambira ku Machinga konkuno mwezi wa Marichi, ndipo pofika mu 2023 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Amene amakweza mitengo ali m'ofesi adziwe kuti cholembera cao chimafika mpaka kumanda.

Sitikana kuti mabungwe a madzi ali ndi zobvuta zao. Mankhwala otsukira madzi ndi mapaipi amagulidwa kunja, makina opopera amadya magetsi, ndipo Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimenezi nzoona, ndipo ife sitikunena kuti madzi akhale aulere. Koma Kwacha imene inagwa m'thumba la bungwe ndi yomweyo inagwa m'thumba la mlimi. Tsono tikufunsa: madzi otayika m'mapaipi obooka alipira ndani? Ngongole za madzi zimene nthambi za Boma zakhala zikulephera kubweza kwa zaka zambiri alipira ndani? Bungwe lodziwa kuti likalira lipatsidwa mtengo watsopano silifulumira kutseka paipi yodontha kapena kulonjerera ngongole kwa akuluakulu. Koma likadziwa kuti mtengo wamangidwa zaka zinai, lidzasamala tambala iriyonse.

Chimene tikupemphachi si chachilendo. Pa nkhani ya magetsi, lamulo la 2004 linakhazikitsa bungwe la MERA, ndipo mtengo waukulu wa ESCOM wakhala ukuikidwa wa zaka zinai zinai, anthu atayamba aitanidwa kumisonkhano kudzanenapo. Anansi athu a ku Zambia anapanga lamulo mu 1997 limene linabala bungwe la NWASCO, loyang'anira makampani a madzi ndi kubvomereza mitengo yao. Kodi nyale iposa madzi? Munthu akhoza kugona mumdima moyo wace wonse, koma sangathe sabata osamwa.

Ife a kuno tiri ndi chifukwa china. Damu la Mpira ku Ntcheu, limene limamwetsa Balaka, linauma mu 2018, ndipo mipopi inakhala gwaa. Akazi athu anadzuka tambala asanalire kukafola pa mijigo. Amene anaona zimenezo ali ndi ufulu wonena kuti mtengo usakwere pamene mpopi sutulutsa madzi.

Choncho nthambi yathu ikufuna zinthu zinai izi:

1. Lamulo linene kuti mtengo wa madzi ukaikidwa ukhale zaka zinai. Ndalama ikagwa kwambiri pakati pa zakazo, kusintha kusapitirire kamodzi pa chaka, ndipo chifukwa cace chilengezedwe.

2. Wobvomereza mtengo akhale bungwe loima palokha, osati Nduna.

3. Mtengo usanakwere pakhale msonkhano pa Balaka ndi pa Liwonde, m'Chichewa ndi m'Chiyao, mabuku a ndalama ali pa tebulo.

4. Mtengo wa pa mpopi wa anthu onse ukhale wotsika, ndipo ulembedwe pa khoma kuti wina asaonjezerepo zace.

Mutu umodzi susenza denga. Nyuzi ino muwerengere amene sadziwa kuwerenga, muiwerenge kudimba, kuchigayo ndi pamjigo. Mafumu athu tikuwapempha atitsogolere. Alembi a timagulu ta m'midzi alembe maina a onse obvomereza mfundo zinaizi, ndipo abwere nao ku msonkhano wa nthambi ukubwerawu. Kalatayo tidzaipereka kwa aphungu athu pamanja, ndipo tidzawafunsa tsiku limene adzaiwerenge m'Nyumba ya Malamulo. Amai, msonkhano umenewu ndi wanu koposa, pakuti ndowa imalemera pamutu panu. Bwerani nonse, musatumize mau.