Bwalo la ku Chichiri Lisagwe Fuko Likuona

Munthu wokulira ku Nzama, m'boma la Ntcheu, safunika kuuzidwa za ulemu wa bwalo. Pabwalo mpamene mfumu imaweruzira milandu, mpamene amuna amavinira ingoma, ndipo palibe amene amalimapo chimanga kapena kutayapo zinyalala. Mzinda wa Blantyre nawo uli ndi bwalo lake lotero ku Chichiri, lotchedwa Kamuzu Stadium, ndipo mwini wake ndi fuko lonse la Malawi.

Bwaloli linamangidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo linkadziwika ndi dzina la Rangeley, mzungu amene ankayang'anira chigawo cha kumwera. Koma pakati pa usiku wolowera pa 6 July 1964, mbendera ya Britain inatsitsidwa pamalo omwewo, ndipo mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira inakwera, Prince Philip ndi Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda akuonerera. Ufulu umenewo sunangogwa ngati mvula. Anthu a ku Ntcheu sanaiwale kuti mu 1953 atsamunda anachotsa pampando Inkosi Gomani II chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chimene Inkosiyo inavutikira chinaonekera poyera pabwalo limeneli.

Kuyambira pamenepo, chaka ndi chaka magule a m'zigawo zonse ankakumana pabwaloli pokondwerera ufulu. Ulamuliro utasintha mu 1994, dzina linasanduka Chichiri Stadium, kufikira mu 2004 pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anabwezeretsa dzina la Kamuzu.

Komatu dzina lokha silichirikiza khoma. Makoma a bwaloli atayamba kung'aluka, malo ena okhalapo anthu anatsekedwa poopa ngozi, ndipo masewero ambiri akuluakulu a mpira anasamukira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, imene inatsekulidwa mu 2017. Bwalo latsopano ndi chinthu chonyaditsa, koma mbendera ya Malawi sinakwerere kumeneko mu 1964.

Mutu umodzi susenza denga. Boma likonze bwaloli mokwanira, eni mzinda asamale malo olizungulira, ndipo aphunzitsi ndi atsogoleri a Chipani m'nthambi zonse afotokozere achinyamata zimene zinachitika pamenepo. Mwana wa ku Nzama akadzafika ku Chichiri, adzapeze bwalo lili chiimire, ndipo adzadziwe chifukwa chake akulu amalipatsa ulemu.