Musanyoze kawailesi ka memori khadi

Dzulo madzulo tili kugombe, mnzanga wina wa ku Lilongwe anaseka msuweni wanga mpaka kugwira m'mimba. Mlandu wake? Kawailesi ka memori khadi, komangidwa ndi mphira, komwe amapita nako panyanja. "Aise, mpaka pano? Anthu tili pa Spotify!" Ndinakhala chete poti anali mlendo. Lero ndiyankha.

Tiyeni tiziyale pamchenga zitatuzi: foni yapamwamba, foni ya mabatani, ndi kawailesi kameneka. Woweruza akhale nyanja, chifukwa kuno ku Senga Bay anthu ambiri omvera nyimbo usiku wonse ndi asodzi a usipa.

Foni yapamwamba ili ndi nyimbo zosawerengeka, sindikana. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, ndipo Boomplay umaipeza kale m'mafoni a Tecno ndi Itel. Koma nyimbozo si zako, ukungobwereka. Bandulo ya Airtel kapena TNM ikatha, woimba amatseka pakamwa. Ukafuna kuzisunga pa Spotify kuti uzimvera popanda intaneti, lipira mwezi ndi mwezi. Nanga batire? Pofika pakati pa usiku yafa. Nanga ikagwera m'madzi? Ndalama ya miyezi ingapo yamira.

Foni ya mabatani ndi yolimba, batire yake imatha masiku. Koma mawu ake ndi a udzudzu, injini ikalira sumva kanthu. Ndiponso msodzi wanzeru samalizira batire ya foni pa nyimbo. Mwera ukauka, foni imeneyo ndi yoimbira kumtunda.

Tsono kawailesi. Kamafuula mokwanira ngalawa yonse. Kali ndi tochi. Kamagwira MBC, ndiye chenjezo la mphepo ya panyanja umalimva. Sikafunsa bandulo, sikafunsa netiweki. Kakamira, umadandaula tsiku limodzi, mawa wagula kena pamsika wa Salima. Wapambana ndani?

Apple inatulutsa iPod mu 2001, n'kuisiya mu 2022. Nzeru yake inali yomweyi: nyimbo zako, m'thumba mwako. Iwo ataikwirira, ife tinapitiriza nayo, kungoti yathuyi ili ndi tochi. Chochititsa manyazi n'chiyani pamenepa?

Pali mfundo imodzi imene mnzangayo akanandigwira nayo, koma sanaiganize. Memori khadi timadzazitsa kwa anyamata a makompyuta, nyimbo mazanamazana pa ndalama yochepa, ndipo Driemo kapena Namadingo sadziwa n'komwe kuti akuimba pakati pa nyanja. Limeneli ndi bala lenileni, COSOMA yakhala ikulimbana nalo kwa zaka. Koma mankhwala ake si kuseka msodzi. Makolo athu ankagula makaseti kwa O.G. Issa ndi ndalama zawo. Mmalawi sakana kulipira nyimbo, amakana kulipira zimene sangazigwire m'manja. Oimba, bwanji osatigulitsa makhadi odzaza kale, pamtengo woti mlovi angakwanitse? Msika uli pano, ukununkha usipa, inu maso ali pa manambala a pa intaneti.

Anzanga a madigiri, vuto lathu n'lakuti timayesa chitukuko ndi mtengo wa chinthu, osati ntchito yake. Usiku uno nyali zikayamba kuthwanima kupitirira chilumba cha Namalenje, mawu a malemu Lucius Banda adzamveka pamwamba pa madzi. Sadzachokera mu foni yanu.