Konveta siigulidwa ndi maso cabe

Lolemba m'mawa basi yathu yocokera ku Matero inaima pa Lumumba Road. Dalaivala akaponda moto injini ilira, koma motoka osasuntha. Tinatsika tonse kuikankhira pambali. Amai amene ndinakhala nao pafupi anacedwa kukaoda tomato ku Soweto, ine ndinafika ku nchito abwana atayang'ana kale nkoloko.

Anthu anatukwana dalaivala. Ine sindinatukwane, cifukwa matenda aya ndiwadziwa. Alamu anga ali ndi Hiace yakale yocokera ku Japan, ya otomatiki, ndipo caka catha inadwala cimodzimodzi.

Motoka ya otomatiki ilibe kilachi yoponda ndi phazi. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali cisulo cobulungira, torque converter, amakanika amati konveta. Mkati mwake muzungulira mafuta ofiira aja a ATF, ndiwo apereka mphamvu ya injini ku magiya. Ikayamba kutha, motoka imanjenjemera ikathamangako, imacedwa kunyamuka, ndipo mafuta amada n'kununkha ngati zopserera. Koma mafuta ocepa kapena giyabokosi yakutha zionetsanso zomwezi, conco yambani mwapima mafuta musanatulutse ndalama.

Alamu anga anathamangira m'tauni, wogulitsa masipeya anangoti, "Bosi, ya Hiace ni ya Hiace cabe." Anagula. Kufika kwa makanika, maboti osagwirizana. Kubwerera nayo, lisiti kulibe, ndalama zinapita. Basi inagona pa yadi masabata awiri, dalaivala ndi kondakita opanda cakudya ca ana.

Manje mverani, eni mabasi. Hiace ya injini ya 5L ndi ya 1KZ si imodzi. Lembani nambala ya chasisi, ya injini ndi ya giyabokosi, zili pa kacitsulo ka fakitale ka pa motoka. Nyamulani konveta yakale popita ku shopu. Muziike pamodzi, muwerenge maboti, muwerenge mano a mkati molowa shafti, muyese kutalika kwake. Ngati ni ya salaula, pemphani lisiti ndi masiku obweza. Akakana, tulukani.

Poika, makanika atsuke kula ndi mapaipi a mafuta, cifukwa tuzitsulo twa konveta yakale tudzaononga yatsopano. Asinthe silo, athire mafuta m'konveta, ailowetse mpaka ikhale pansi bwino-bwino. Akaikakamiza ndi maboti, pampu ya giyabokosi isweka.

Ndidziwa kuti ndalama ni yovuta. Koma basi siyamba kufa tsiku limodzi. Dalaivala amakuuzani kuti ikunjenjemera, inu muyankha kuti abweretse kashing'i coyamba. Mapeto ake olipira ndife okwera, amene tidula tikiti yofika ku City Market n'kutsirizira ulendo pansi.

Mawa basi ikayamba kunjenjemera, musakalipire dalaivala. Mufunseni ngati abwana ake anamva.